Zimene Lusubilo Anaona pa TV ya a Ken

Lusubilo Mwakikunga anafika ku Hull, mzinda wa ku England, m'chaka cha 2023, chisanu chikungotha kumene. Kwawo ndi ku Karonga, koma anakulira ku Ndirande kumene bambo ake ankapala matabwa, ndiye Chichewa chake n'cha ku Blantyre ngakhale dzina lili la kumpoto. Asanabwere kuno ankasamalira odwala pa kachipatala kena ka mishoni ku Chiradzulu. Mwamuna wake anamwalira mwana wachiwiri akadali kubere. Ana awiriwo anawasiya kwa mkulu wake, iye n'kukwera ndege ndi viza ija ya osamalira okalamba, imene imamangirira munthu ku kampani imodzi ngati mbuzi pachikhomo. Ukasiyana nayo kampaniyo, kukhala kwako m'dziko muno kumayamba kugwedera.

Anapeza chipinda kumadzulo kwa mzinda, m'nyumba imodzi ndi Mukuka, mtsikana wa ku Zambia wogwira ntchito yomweyo. Ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo: kusambitsa nkhalamba, kuziphikira, kuzipatsa mankhwala, kenako kuthamangira basi. Ambiri mwa okalamba akewo ankakhala kum'mawa, kutsidya kwa mtsinje, choncho tsiku lililonse ankasintha basi pakati pa tauni.

Mmodzi wa iwo anali a Ken Stathers, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, amene ankakhala okha m'kanyumba ka njerwa zofiira chakuseri kwa Holderness Road. Matenda a shuga anali atawadya maso. Ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi, nkhope ya munthu ayi. Pa unyamata wawo ankagwira ntchito padoko, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankaphunzitsa ana tenisi ulere pa mabwalo a paki ya m'dera lawo.

Tsiku loyamba, Lusubilo asanavule ndi jekete lomwe, a Ken anamufunsa kuti, "Tenisi mumaidziwa?"

"Ine ndimadziwa netiboli, bambo."

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola. "Zilibe kanthu. Maso muli nawo. Anthu olengeza pa TV aja amalankhula kwambiri, koma sanena zimene ndikufuna. Inu muzindiuza mmene munthu waimira. Ngati mapewa agwa, mundiuze. Ngati akuyang'ana kwa mphunzitsi wake, kapena akukoka mwendo, mundiuze."

Umo ndi mmene zinayambira. Lusubilo akamasenda mbatata kapena kupinda zovala, diso limodzi limakhala pa TV. Poyamba ankangoti, "Wa malaya oyera uja wakwiya," a Ken n'kumukumbutsa kuti pa mpikisano wa Wimbledon onse amavala zoyera. Koma m'kupita kwa miyezi anazolowera, mpaka ankatha kunena kuti uyu watopa mpira usanamuonetse.

A Ken ankamulipira ndi nkhani. Anamuuza za Fred Perry, yemwe iwo sanamuone akusewera koma bambo awo ankamutchula ngati m'bale: mwana wa ku Stockport, wa m'banja la anthu ogwira ntchito m'fakitale ya thonje, amene anapambana Wimbledon zaka zitatu zotsatizana koma mabwana a ku London osamukonda. Anamuuza za Roger Taylor wa ku Sheffield, wamanzere, mwana wa munthu wosula zitsulo. "Ameneyo ndiye anali wathu weniweni. Ankafika pafupi, pafupi kwambiri, koma chikho osachigwira." Za Tim Henman ankapukusa mutu n'kunena kuti mnyamata ameneyo anawakalambitsa ndi chiyembekezo. Akafika pa Virginia Wade mawu awo ankafewa, chifukwa chaka chimene anapambana, 1977, akazi awo a Maureen anali ndi pakati potopa, ndipo anaonera masewerawo atatsamira pa mpando, mapazi ali m'beseni la madzi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Darren, anabadwa mwezi womwewo. Pamene Andy Murray ankapambana mu 2013, a Maureen anali m'chipatala, ndipo sanabwerereko.

"Ife a kuno timaonera tenisi mtima uli m'mwamba," anatero tsiku lina. "Ngakhale wathu akutsogola, timadziwa kuti chinachake chikubwera."

Darren ankabwera Lamlungu. Anali munthu wamtali, wometa mpala, wosalankhulalankhula. Ntchito yake ya ku fakitale yopanga makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, inali itatha, banja nalonso linatha, ndipo ankakhala pa foni nthawi zonse, chala chikungotsetsereka pagalasi. Darren sankamupatsa moni Lusubilo. Akafuna kunena za iye ankauza bambo ake, iye ali pomwepo: "Uyu wamaliza?" Sanamutukwanepo, sanamukhudzepo. Koma akalowa m'nyumba, Lusubilo ankapezeka kuti wasiya kuimba nyimbo za kwaya zimene ankang'ung'udza potsuka mbale.

Lamlungu lina mu Julaye 2024, Wimbledon ili mkati, Emma Raducanu ankasewera ndipo Lusubilo anali pa ntchito yake ya maso. Darren anadzutsa mutu pafoni n'kunena kuti, "Mukuvutikiranji? Ameneyo si wathu. Anabadwira ku Canada, bambo ake ndi a ku Romania, mayi ake ndi a ku China."

"Nanga Wade anakulira kuti?" anafunsa a Ken. "Tenisi anaiphunzirira ku South Africa. Mayi ako analira misozi tsiku limene anapambana. Kyle Edmund, wa pa Beverley pompa, uja unkamukuwira mpaka mawu kutha, anabadwira ku Johannesburg. Amenewo sunafunse mapepala awo."

"N'zosiyana."

"Zasiyana pati?"

Darren anayang'ana Lusubilo, koyamba kumuyang'ana m'maso chibwerereni, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatuluka osatsazika.

Kumapeto kwa mwezi umenewo ana aakazi atatu anaphedwa ndi mpeni ku Southport. Dziko lonse linagwidwa ndi chisoni, koma tsiku lisanathe mphekesera yabodza inali itadzaza m'mafoni, yoti wakuphayo ndi mlendo wofuna malo othawirako amene anabwera pa boti. Apolisi anatsutsa, koma bodza linali litathamanga kale. Mizinda ina inayamba kuyaka.

Ku Hull zinthu sizinasinthe mwaphokoso. Zinasintha pang'onopang'ono, ngati mmene mkaka umasasira. Mayi wina amene ankakwera basi limodzi ndi Lusubilo m'mawa uliwonse, n'kumacheza naye za nyengo, anayamba kukhala mpando wakutsogolo. Pamawindo ena a mumsewu wa a Ken panaoneka mbendera zimene kale panalibe. Anyamata amene ankakhala pakhomo la shopu ya pakona ankati akamuona akubwera, amasiya kulankhula, n'kudikira adutse. M'gulu la WhatsApp la ku tchalitchi munayamba kuyenda uthenga woti Loweruka anthu akasonkhana pakati pa tauni, ndipo abusa anapempha kuti aliyense amene angathe akhale m'nyumba.

Lachisanu m'mawa Lusubilo anapeza a Ken atakhala chete, TV yozimitsa. Dzulo lake Murray anali atasewera komaliza pa mpikisano wa Olimpiki ku Paris, n'kugonja.

"Watha nayenso," anatero. "Thupi lonse zitsulo ndi zipsera, koma ankakana kuchoka. Onse amene ndinawaona ndi maso angawa atha tsopano. Otsalawa ndimangowamva kwa inu." Kenako anawonjezera kuti, "Darren anabwera dzulo. Sanalowe muno. Ndinangomumva akusuntha zinthu m'kashedi kuseriko."

"Amafuna chiyani?"

"Sananene."

Madzulo ake Mukuka anamupeza kukhitchini akusita yunifolomu. "Ba Lusubilo, simungayende mawa," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ine nawauza ku ofesi kuti nadwala. Manje imwe mufuna kupita pakati pa tauni na nkhope iyi?"

Lusubilo anaimbira ku ofesi. Mtsikana wokonza mashifiti anamuuza mwaulemu kuti ngati akuopa asapite, palibe amene amukakamize, koma anthu ambiri apempha kale kupuma ndipo kwa a Ken palibe wina woti apiteko. Munthu wa shuga, wosaona, sangadumphe chakudya ndi jakisoni. Lusubilo anamaliza kusita. Duku lachitenje limene ankakonda kumanga kumutu analibwezera m'sutikesi, ndipo jekete analisiya, kuti yunifolomu yabuluu ija izionekera patali.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Lusubilo anafika pakati pa tauni m'mamawa ndithu, koma magalimoto apolisi anali ataima kale m'mbali mwa msewu. Eni mashopu ena ankatsitsa zitseko zachitsulo nthawi imene amayenera kutsegula. Amuna ankabwera m'timagulu, ena atafunda mbendera kumsana, ena zitini za mowa m'manja, osafulumira, ngati anthu opita ku mpira. Palibe amene anamulankhula. Dalaivala wa basi yachiwiri, mzungu wachikulire, anamuyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pobwerera musadzere muno, mayi."

Anali akupaka batala pa buledi wa a Ken, cha m'ma leveni koloko, pamene anamva galimoto ikuima panja. Darren analowa ndi amuna awiri amene Lusubilo sanawaonepo. Darren anadutsa molunjika kupita kuseri. Mmodzi anatsala pakhomo la kumsewu. Winayo, wamfupi, wofiira m'khosi, anabwera kudzaima pakhomo la khitchini, n'kutsamira mphuthu, kutseka njira yonse.

"Iwe unabwera pa boti liti?" anafunsa akumwetulira.

Lusubilo anayang'ana buledi. Mpeni wa batala unali m'dzanja lake ndipo anauika pansi pang'onopang'ono, kuti asapatse munthu chonena.

"Ndikufunsa iwe. Sumva Chingerezi?"

"Lusubilo!" anaitana a Ken kuchokera pabalaza, ndi mawu aakulu amene ayenera kuti ankakuwira nawo ana pabwalo kalelo. "Bwerani kuno. Ndipo iwe amene waima pakhomopo, sindikukuona, koma fungo la mowa wako ndalimva. Muno ndi mwanga. Mpatse njira."

Munthu uja anasuntha pang'ono chabe, moti Lusubilo podutsa phewa lake linakhudza malaya ake. Anakaima kuseri kwa mpando wa a Ken. Anagwira mpandowo ndi manja onse awiri.

Darren anatulukira kuchokera kuseri atanyamula chinthu chokulunga m'thumba lapulasitiki. Podutsa chinagunda chitseko, n'kulira ngati chitsulo cholemera. A Ken anatembenuza mutu.

"Chimenecho ndachidziwa. N'chopukusira neti." Chinali chitsulo chokhota, chachitali ngati mkono, chimene ankakokera nacho neti ya tenisi kuti ilimbe. Anachisunga mabwalo aja atatsekedwa. "Ukupita nacho kuti?"

"Kwa ogula zitsulo zakale. Chikungochita dzimbiri."

"Loweruka lino? Ndi anzako awiri?" A Ken anayesa kudzuka koma mawondo anakana. "Darren, chibweze. Chitsulo chimenecho unkachinyamula uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ukundithandiza. Chibweze, ukhale pansi, timwe tiyi."

Kwa kanthawi Darren anaima, thumba lili m'manja, ngati munthu amene waiwala chimene anadzera. Mnzake wa pakhomo anaimba mluzu. Darren anayang'ana Lusubilo n'kumulankhula, koyamba chiyambire.

"Iwe, usadutse m'tauni lero."

Mpaka pano Lusubilo sadziwa ngati kunali kumuchenjeza kapena kumuopseza. Nkhope ya Darren sinanene chilichonse, ndipo anatuluka ndi anzake aja, thumba lija lili m'manja.

Tsiku limenelo Lusubilo sanapitenso kwa okalamba ena. Ku ofesi anamuuza kuti akhale pomwe alipo. Masana mabasi anasiya kudutsa pakati pa tauni. Ali pawindo la chipinda cham'mwamba anaona utsi wakuda ukukwera chakumadzulo, ndipo helikopita inkazungulira osachoka. Foni inkangolira: mawindo a hotela ina yosungirako ofuna malo othawirako aswedwa, mashopu athyoledwa, ina yatenthedwa, galimoto ya alendo yazingidwa ndi gulu. A Ken sanafunse kanthu. Anadya theka la buledi wawo. Dzuwa litapendeka, a Temwani, mkulu wa mpingo amene ali ndi galimoto, anabwera kudzamutenga, n'kuzungulira njira yakutali ya kumpoto kwa mzinda. Njira yonse Lusubilo anakhala chowerama ku mpando wakumbuyo.

Sabata yotsatira a Ken anapempha kuti ayatse TV pa nkhani za m'chigawo. Apolisi anali atatulutsa zithunzi za anthu amene ankawafuna. Lusubilo ankafotokoza monga mwa masiku onse: uyu ndi mnyamata, wavala chipewa chakuda, uyu ndi mayi, wanyamula katundu wa m'shopu. Kenako mawu anamuthera.

"Mwatonthola," anatero a Ken. "Mukuona chiyani?"

Akanatha kunena kuti ndi munthu wina wosadziwika. Anaganiza za viza yake, za ana ake, za munthu wofiira m'khosi uja. Koma kwa chaka ndi miyezi nkhalamba imeneyi inali itakhulupirira chilichonse chimene iye ananena kuti chili pagalasipo, ndipo sanainamizepo ngakhale pa kampira kogwera kunja kwa mzere.

"Ndi Darren, bambo. Waima pafupi ndi galimoto yoswekaswekayo. Chitsulo chija wachikweza m'mwamba."

"Dzanja liti?"

"Lamanzere."

A Ken anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndi iyeyo. Ndinkati adzakhala Taylor wachiwiri." Anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja. "M'galimotomo munali anthu?"

"Akuti munali anthu."

Nkhani zinatha n'kuyamba zanyengo. Kenako a Ken anatambasula dzanja. "Ndipatseni foni. Manambala sindiwaona, mundidinire. Kulankhula ndilankhula ndekha."

Lusubilo anadina. A Ken anatchula dzina lawo, dzina la mwana wawo, ndi kumene amakhala, mawu osanjenjemera. Atamaliza anapempha kuti awaperekeze kukagona, ngakhale kunali masana.

Darren anamangidwa, anavomera mlandu, ndipo khoti linamulamula kukakhala kundende zaka zopitirira ziwiri. Mumsewu wa a Ken nkhani inayenda mwa njira yake. Ena ankati bambo anapereka mwana wake. Ambiri ankati nkhalamba yosaona singazindikire munthu pa TV, ndiye pali amene anaiuza. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene kale ankapatsa Lusubilo maluwa a m'dimba lake, anayamba kutseka katani akamuona. M'mawa wina Lusubilo anapeza mazira ataswedwa pachitseko, ndipo anawatsuka a Ken asanadziwe.

TV sinayakenso. Lusubilo anayesa kuwakopa. Anawauza kuti Jack Draper wafika patali pa mpikisano wa ku America, mnyamata wamanzerenso, koma iwo anangoti, "Musiyeni asewere." Nkhani za Perry ndi Wade zinatha. Anayamba kusiya chakudya m'mbale, ndipo kawiri anawapeza atagwa m'bafa. Chisanu chitafika pachimake anawatengera kuchipatala ndi chibayo, ndipo anamwalira mu Febuluwale. Lusubilo anapita ku maliro n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Kunali anthu ochepa, ambiri a iwo azibambo a imvi amene a Ken anawaphunzitsa tenisi ali ana. Darren anabwera ndi alonda a ndende awiri. Sanatembenuke.

Lusubilo akadali ku Hull, ku kampani yomweyo, chipinda chomwecho. Anayesapo kufunsira ntchito ku Wakefield, kumene kuli mnzake wa ku Ndirande, koma kupeza kampani ina yovomera kutenga viza yake kwakhala kovuta, ndipo malamulo akusinthasintha. Mukuka anakwatiwa n'kusamukira ku Salford. Ana kumudzi akukula, wamkulu walemba mayeso a fomu folo.

Mwezi wa Okutobala wapitawu, masana, akudikira basi pakati pa tauni, anamva munthu akumuitana dzina. Anali Darren. Anali atatuluka kundende msanga, ataonda, tsitsi litamera ndipo lili ndi imvi. Anaima patali pang'ono, manja ali m'matumba.

"Ndimafuna ndikuoneni," anatero. "Akuti munawasamala bwino bambo mpaka kumapeto."

"Inali ntchito yanga."

"Akutinso munali nawo tsiku limene anaimba foni."

Lusubilo anayang'ana kumene basi imachokera. Sinali kuoneka. "Ndinalipo."

Darren anagwedeza mutu ngati wamva chinthu chimene ankachidziwa kale. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yake inali yofatsa. "Pochotsa katundu m'nyumba muja ndapeza kanthu kamene bambo anakusiyirani. Sindinakatenge lero. Ndidzabwera nako kwanu."

"Mukhoza kukasiya ku ofesi."

"Ayi, ndidzabwera nako ndekha. Ndi nyumba ya chitseko chobiriwira ija, eti? Pafupi ndi shopu ya a ku Poland."

Lusubilo sanauzepo Darren, ngakhale a Ken amene, kumene amakhala. Basi inafika ndipo anakwera. Atayang'ana pawindo, anamuona ataimabe pomwepo, atakweza dzanja ngati akutsazika.

Anawauza a Temwani, ndipo iwo anati mwina munthuyo ndende yamuphunzitsa, mwina akungofuna kupepesa ndipo sadziwa poyambira. Anamulangiza kuti akawauze apolisi. Lusubilo anafunsa kuti akanene kuti chiyani, poti munthu wangolonjeza kubweretsa mphatso. Anagula loko wachiwiri n'kumuika pachitseko cha chipinda chake, ndipo masiku ano amatsika basi pa siteji ya patsogolo n'kubwerera wapansi. Darren sanabwerebe.